Ndani ali ndi ana athu pamene ife tili m'tchalitchi?

Lamlungu lililonse pamachitika chinthu chimene tinachizolowera mpaka sitichionanso. Mayi amafika pa tchalitchi khanda lili kumbuyo, dzanja lina atagwira mwana wa zaka zisanu, ndipo asanaponde n'komwe pakhomo amamuuza kuti, "Thamanga, anzako ali uko." Mwana amaliyatsa liwiro kulowera kuseri, pansi pa mtengo wa mango kapena m'kalasi ya sukulu ya mishoni, ndipo kwa maola awiri mayi uja sadziwa chimene chikuchitika kumeneko. Mukamufunsa dzina la mphunzitsi wa Sande sukulu akuyankhani kuti, "Aja aataliwo, oimba bwino aja." Mayi yemweyu sangasiyire mlendo chikwama chake pa depoti ngakhale kwa mphindi zisanu.

Sindikumuseka ayi, chifukwa inenso ndinali mmodzi wa "oimba bwino aja". Nditasamukira m'tauni ndinangopemphera masabata atatu pa mpingo wina, mkulu wa mpingo n'kunditsatira panja titaweruka. "Achimwene, mawu muli nawo. Ana athu akusowa mphunzitsi." Kalata yanga yosamukira inali ikadali kumudzi. Palibe anandifunsa kumene ndinachokera kapena chimene chinandichotsako. Lamlungu lotsatira anandipatsa choko ndi ana oposa 60, ndekhandekha, m'chipinda chimene mawindo ake anawatseka ndi njerwa poopa akuba. Ndinanyada kuti andikhulupirira. Patapita zaka m'pamene ndinazindikira kuti akuluakuluwo anali atangotopa ndi kusaka munthu, ndipo aliyense amene akanavomera akanamupatsa choko chomwecho.

Ntchito ya ana m'mipingo yathu ili m'manja mwa anthu ongodzipereka. Sande sukulu ku CCAP, Tilitonse ku Katolika, ma Pathfinder ku Seventh-day Adventist, Boys' Brigade, makwaya a ana, anyamata otumikira pa guwa: abusa ndi ansembe amangosuzumirako, koma okhala ndi anawo sabata ndi sabata ndi anthu osalipidwa, ambiri a iwo osaphunzitsidwa kalikonse za kasamalidwe ka ana. Ochuluka ndi anthu abwino zedi, amene amagula maswiti ndi makope ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma khomo limene wabwino amalowera ndi lomwelo limene wa mtima woipa amalowera, ndipo pakhomopo onse awiri amanyamula Baibulo mofanana.

Loya wa ku England amene anasamukira ku Zimbabwe

Nkhani ya John Smyth ndiyofunika kuidziwa bwino, chifukwa inayambira kutali n'kudzathera kwa anansi athu. Smyth sanali m'busa wodzozedwa. Anali loya wotchuka ku England, mlaliki wamba mu mpingo wa Anglican, komanso wapampando wa bungwe la Iwerne Trust limene linkachititsa misasa ya chikhristu ya anyamata a m'sukulu za anthu olemera. Anali ndendende munthu amene mpingo uliwonse umamufuna: wophunzira, wandalama, wapabanja, wodziwa Mawu, wodzipereka osafuna malipiro.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kuitanira anyamata ena kunyumba kwake kufupi ndi Winchester. Ankasankha amene ankaoneka kuti ali ndi njala ya zauzimu, n'kukhala ngati bambo wawo. Ankawafunsa machimo awo obisika, kenako n'kuwauza kuti kulapa pakamwa pokha sikukwanira. M'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ankawavula n'kuwakwapula ndi ndodo mpaka magazi, uku akutchula mavesi onena za mwambo wa Mulungu. Mmodzi wa anyamatawo atafuna kudzipha, nkhani inaphulika, ndipo mu 1982 m'busa wina, Mark Ruston, analemba lipoti lofotokoza zonse. Lipotilo linangozungulira pakati pa atsogoleri ochepa. Kupolisi silinafike. Anamuchotsa mwakachetechete kuti ntchito ya Mulungu isanyozeke.

Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe, ndipo posakhalitsa anayambitsa Zambesi Ministries, n'kuyambanso misasa ya anyamata, anthu ena a ku England akumutumizira ndalama. Makolo a ku Harare ndi ku Bulawayo ankangoona mtumiki wa Mulungu wochokera kunja. Kumisasako anyamata ankakakamizidwa kukhala maliseche, iye akusamba nawo limodzi, ndipo ankawamenya ndi kathabwa kosewerera table tennis. Mu December 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambiramo pa msasa wina kufupi ndi Marondera. Chaka chotsatira loya David Coltart wa ku Bulawayo analemba lipoti lina atapemphedwa ndi abusa amene makolo anawadandaulira. Mu 1997 Smyth anatsegulidwira mlandu, koma sunafike pa chigamulo. Mu 2001 anasamukira ku South Africa. Dziko linadzamva zonsezi mu February 2017 kudzera pa wailesi ya kanema ya ku Britain ya Channel 4, ndipo iye anamwalira ku Cape Town mu August 2018 asanaweruzidwe ndi khoti lililonse.

Lipoti la Keith Makin, lotuluka mu November 2024, linati anyamata pafupifupi 30 anazunzidwa ku England, ndipo pafupifupi 85 kuno ku Africa. Masiku ochepa chitulukireni lipotilo, Justin Welby, Akibishopu wa Canterbury, analengeza kuti akutula pansi udindo, popeza akuluakulu a mpingo anauzidwa nkhaniyi mu 2013 koma sanailondoloze mokwanira. Taonani manambalawo: ozunzidwa ambiri anazunzidwa pambuyo poti atsogoleri adziwa kale. Amene anabisa lipoti la 1982 sanamenye mwana aliyense, koma mwana wa ku Zimbabwe ndiye analipira kukhala chete kwawo.

Ndipo si za Anglican zokha. Mu February 2019 nyuzipepala ya Houston Chronicle inapeza kuti m'zaka pafupifupi 20, atsogoleri ndi odzipereka pafupifupi 380 a mipingo ya Southern Baptist ku America ananenezedwa za nkhanza zogonana, ozunzidwa oposa 700. M'gulumo munali abusa, madikoni ndi aphunzitsi a Sande sukulu, ndipo ena ankangochoka mpingo uwu n'kukayamba pa winawo. Kwathu kuno, kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Kafukufukuyo sankanena za m'tchalitchi, koma ana amenewa ndi omwe aja amakhala pa mphasa kutsogolo kwathu Lamlungu. M'kalasi yanga ya ana 60, masamu ake mungawachite nokha.

Mmene zimachitikira

Katswiri wa ku America, David Finkelhor, anafotokoza mu 1984 kuti mwana asanachitidwe nkhanza zotere pamayenera kuchitika zinthu zinayi. Munthu akhale ndi chilakolako, agonjetse chikumbumtima chake, apeze mpata popanda womuona, ndipo agonjetse kukana kwa mwanayo. Ziwiri zoyambazo zili mumtima, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene ali ndi maso oona mumtima, ngakhale atasala kudya sabata yathunthu. Ziwiri zotsalazo zili panja, ndipo mpingo ungathe kuzigwira ndi manja. Cholakwa chathu n'chakuti mphamvu zonse timazithera pa ziwiri zoyamba: timayang'ana kapempheredwe ka munthu, kavalidwe kake, ngati amamwa mowa, ngati amapereka chakhumi. Chikomekome cha nkuyu. Smyth akanakhoza mayeso onsewa.

Amene anagwirapo nkhuku ya kumudzi amadziwa kuti suithamangitsa. Umamwaza chimanga pabwalo, mawa pafupi ndi khonde, mkuja m'khitchini, kenako n'kutseka chitseko. Wogwiririra ana m'tchalitchi amachitanso chimodzimodzi, ndipo chimanga choyamba samwazira mwana, amamwazira ifeyo akuluakulu. Amabwera m'mamawa kudzasesa, amagula ng'oma ya kwaya, pa maliro sasowa. Akatero amasankha banja: mayi amene akulera yekha ana, agogo amene akusunga ana amasiye, mwana wolumala kapena wosamva amene sangathe kufotokoza bwino. Amalipira fizi, amagula yunifolomu, amapereka lifiti. Kenako mwanayo ayamba kukhala "wapadera": solo ya kwaya ndi yake, atsaleko pang'ono anzake akaweruka, abwere kunyumba adzathandize kukonza phunziro la mawa. Kukhudza kumayamba ndi phewa. Chinsinsi choyamba chimakhala chaching'ono, mwina K500 ya zitumbuwa, "usawauze amayi ako, angandikalipire." Akaona kuti mwana wasunga chaching'onocho, amadziwa kuti chachikulu adzasunganso.

Pofika tsiku loti mwana anene, amakhala akudziwa kuti akuneneza munthu amene amalipira sukulu yake, amene amayi ake amamutcha mngelo. Apa pali chinthu chimene tiyenera kuvomereza ngakhale chikuwawa. Ulemu umene timaphunzitsa ana athu, kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayankha wamkulu akamalankhula, ndi chuma chathu, koma mwana amene sanauzidwepo kuti pali nthawi yokana wamkulu amakhala ngati tamumanga manja. Mwana ayenera kumva kuchokera kwa makolo ndi kwa mphunzitsi, ali pagulu, kuti thupi lake malo ovala kabudula sagwira munthu aliyense, kaya ndi amalume, kaya ndi abusa. Kuti wamkulu akamuuza "usauze munthu" ndiye nthawi yake youza munthu. Ndipo kuti kutero si mwano. Ziwalo tizitchule mwa njira yoti mwana amve. Ndinaonapo mwana akuuza mayi wa Mvano kuti "aphunzitsi amandiseweretsa", mayiyo n'kuyankha kuti, "Eya, n'chikondi chimenecho."

Pali nkhanza zinanso zimene sitizitcha nkhanza. Kamtengo ka pichesi kamene mphunzitsi amagwira "kongolozera pa bolodi" kamathera pa miyendo ya ana. Smyth anayambira pomwepo, pa chiphunzitso choti kumenya kumayeretsa. Mphunzitsi wa Sande sukulu alibe chifukwa chomenyera mwana wa mwini. Wovuta amubweze kwa kholo lake. Kwinanso mwana amene akudwala khunyu kapena amalota zoopsa amamutsekera m'chipinda ndi "munthu wa Mulungu" kuti amutulutse ziwanda, amamusalitsa kudya, amamukakamiza kuvomera ufiti pamaso pa mpingo. Lamulo la Malawi la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo mwananso ndi munthu.

Kutseka mpata

Lamulo lalikulu kuposa onse n'losavuta kulinena: wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo osaoneka. Pakhale akuluakulu awiri nthawi zonse, ndipo awiriwo asakhale mwamuna ndi mkazi wake kapena pachibale, chifukwa mkazi kuneneza mwamuna wake n'kovuta. Mipingo ndi magulu a ana ku America ndi ku Ulaya anafika pa lamuloli atapsa kale, milandu itawagwetsa. Bungwe la Boy Scouts of America linadzilengeza kuti lagwa pa chuma mu 2020 chifukwa cha milandu yotereyi, ndipo pambuyo pake anthu oposa 80,000 anabwera ndi madandaulo.

Ndikudziwa yankho limene limabwera pa msonkhano wa akulu a mpingo, chifukwa inenso ndinaliperekapo: "Mmodzi yemweyo tikuchita kumupempha mogwada, awiri tiwapeza kuti?" Funsoli n'loona, koma wachiwiriyo sayenera kukhala mphunzitsi. Amayi a Chigwirizano kapena a Mvano angathe kugawana masabata, mmodzi azikhala kumbuyo ndi nsalu yake yoluka, osaphunzitsa kanthu, ongokhalapo. Makolo azisinthana, banja lililonse kamodzi pa miyezi itatu. Tsiku limene wachiwiri sanabwere, makalasi awiri aphatikizidwe, kapena ana atuluke akaphunzirire pansi pa mtengo pamene aliyense wodutsa akuona. Pa nkhani iyi mpingo wakumudzi wophunzitsira pa mtengo uli pabwino kuposa wa m'tauni wa zipinda zapamwamba zokhala ndi makatani ndi zitseko zokhoma. Njerwa zija za m'mawindo a kalasi yanga tinadzazigumula n'kuikamo zitsulo, ndipo chitseko chinkakhala chotsegula ndi mwala.

Chomwe anthu amaiwala n'chakuti ngozi yambiri siili mu ola la phunziro. Ili m'mphepete mwake. Mwana wamng'ono akafuna kuchimbudzi, chimene nthawi zambiri chimakhala kutali kuseri kwa chimanga, apite awiriawiri, wamkulu aime panja poonekera. Prakatisi ya kwaya ithe dzuwa lisanalowe, ndipo pasakhale mwana wotsalira yekha ndi kwayamasita. Lifiti ya galimoto kapena ya njinga yamoto, kholo lidziwe, ndipo asakhale mwana mmodzi. Foni nayo ndi chipinda chokhoma: mtsogoleri wa achinyamata alibe chifukwa cholembera mtsikana wa Fomu 2 pa WhatsApp usiku kuti "wagona bwanji mwana wanga mwa Ambuye". Uthenga upite pa gulu pamene makolo alipo, kapena pa foni ya kholo.

Maovanaiti, misonkhano ya misasa ndi maulendo a kunyanja ndiye pachimake. Ana amagona m'makalasi a sukulu, magetsi kulibe, akuluakulu ali kalikiliki ndi mapemphero mpaka mbandakucha. Anyamata ndi atsikana agone kosiyana, chipinda chilichonse chikhale ndi akuluakulu awiri, amuna kwa anyamata ndi akazi kwa atsikana, ndipo aang'ono asasakanizidwe ndi a zaka 16, chifukwa nkhanza zina zimachitika pakati pa ana okhaokha. Kaundula wa mayina ndi manambala a makolo ayende nawo. Ife tinaphunzira izi movutikira. Pobwera ku ulendo wina ndinakuwa pa lole kuti, "Tonse tilipo?" Ana n'kuyankha mokondwa kuti "Eeee!" Titayenda mtunda ndithu m'pamene mtsikana wina anafunsa za mng'ono wake. Tinakamupeza atakhala pa mchenga, akulira, pambali pa mayi wogulitsa usipa amene anamusunga. Kuyambira tsiku limenelo timaitana dzina ndi dzina, pokwera ndi potsika.

Za kusankha anthu sinditalikitsa. Mlendo ayambe wakhala mu mpingo miyezi isanu ndi umodzi asanapatsidwe ana. Paulo anauza Timoteo kuti otumikira ayambe ayesedwa, ndipo wofuna ana mwachangu nthawi zambiri sapirira kudikira. Afunsidwe maso ndi maso ndi anthu awiri, atchule mpingo umene wachokera, ndipo wina aimbe foni kumeneko. Kalata ya kupolisi yotsimikizira kuti munthu alibe mlandu ndi yabwino kwa amene angaikwanitse, ndipo abale athu amene amasonkhana m'maholo a lendi ku Britain amadziwa za DBS, kalata ya boma yoonetsa ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu, monganso a ku South Africa ali ndi kaundula wa boma wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana. Koma kalata zoterezi zimagwira makamaka amene anagwidwapo kale. Smyth sanapezekepo wolakwa m'khoti m'mayiko atatu onse aja.

Chinanso, mtsikana wa zaka 15 amene timamupatsa kalasi ya tiana chifukwa "ndi wochangamuka" akadali mwana. Malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Athandize, inde, koma sangawerengedwe ngati wamkulu wachiwiri, ndipo iyenso akufunika womuteteza kwa mphunzitsi wamkulu amene akugwira naye ntchito.

Udindo wa wotsogolera odzipereka, kaya mumamutcha wapampando wa Sande sukulu kaya mlangizi, umavuta pamalo amodzi. Wantchito wolipidwa ungamudzudzule, wodzipereka amakuyankha kuti, "Ngati simukundifuna ndisiye." Ndiye timangoyang'ana kumbali pamene iye watseka chitseko, watenga mwana yekha pa njinga, wagulira mtsikana mmodzi yekha nsapato. Timadikira umboni wa tchimo. Komatu ntchito ya malamulo aang'onoang'onowa n'njakuti mtsogoleri asamadikire umboni. Sakufunika kunena kuti munthuyo ndi wogwiririra, akungonena kuti, "Achimwene, tinagwirizana kuti chitseko sititseka." Wabwino amapepesa n'kusintha. Amene amakwiya, n'kubwerezanso, n'kuyamba kunena kuti iye anayamba utumikiwu inu musanabadwe, wadzionetsa yekha, ndipo kuphwanya pangano kokhako n'kokwanira kumupumitsa. Malamulowa agwire aliyense, kuphatikizapo abusa, mayi busa ndi amene anapereka malata a tchalitchi. Akayamba kukhala ndi anthu owadumpha, atha ntchito.

Mwana akalankhula

Mwana sanena nkhani yotere mwadongosolo. Amaponya kamwala kaye kuti aone ngati madzi ndi akuya: "Sindikufunanso kupita ku kwaya." "Ankolo aja sindiwakonda." Mwina amangosintha, wayamba kukodza pogona, wasiya kudya, akudziwa zinthu zoposa msinkhu wake. Akayamba kukuuzani, nkhope yanu ndiyo imagamula ngati apitiriza. Musakuwe, musagwire pakamwa. Mverani, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo iye sanalakwe. Musamulonjeze kuti simuuza munthu, chifukwa muyenera kuuza oti amuthandize. Musamupanikize ndi mafunso omuikira mawu m'kamwa. Mawu ake enieni muwalembe tsiku lomwelo monga anawanenera. Ndipo chachikulu, musamuike maso ndi maso ndi munthuyo kuti "abwereze pamaso pake". Mwana wa zaka 10 atagwada pakati pa akulu a mpingo khumi ndi awiri ovala majekete, womuchita chipongwe ali pompo, adzanena kuti ananama. Ndiye akulu aja adzapuma mpweya wabwino n'kutseka ndi pemphero.

Ngati wagwiriridwa, nthawi ndi yofunika kuposa msonkhano uliwonse. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kuchipatala komweko amapereka oteteza mimba ndi matenda ena, n'kulemba umboni. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zisachapidwe. Kupolisi kuli Victim Support Unit. Pa zipatala zina zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, pali malo a Chikwanekwane pamene dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi kuti mwana asazunguliridwe maofesi. Nambala ya 116, imene amayendetsa a YONECO, ndi yaulere, ndipo ngakhale wamkulu wosowa poyambira angathe kuimba. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaika udindo wonena pa achibale, osamalira ana ndi anthu a m'dera. Silinena kuti a mpingo apatulidwe.

Apa m'pamene mipingo yambiri imagwera, ndipo imagwa ndi mavesi m'manja. Wina atsegula Mateyu 18: ukalakwiridwa pita kwa mbale wako panokha. Koma ndimeyo ikunena za abale ofanana mphamvu. M'mutu womwewo Yesu ananena za mphero yomangidwa m'khosi mwa wokhumudwitsa kamwana. Wina ati mkulu sanenezedwa popanda mboni ziwiri kapena zitatu, kuiwala kuti wochita zoterezi ntchito yake yoyamba inali kuonetsetsa kuti mboni pasakhale. Wina ati tisatengerane ku makhoti a akunja. Nkhani ya Tamara, amene anagwiriridwa ndi Amnoni, pa 2 Samueli 13 ili ndi zonsezi: mlongo wake Abisalomu anamuuza kuti akhale chete poti wolakwayo ndi mbale wake, bambo wake Davide anakwiya koma sanachite kanthu, ndipo nyumba yonse inadzagawika ndi magazi.

Sesheni, bwalo la akulu a mpingo, kapena khonsolo ya parishi ili ndi mphamvu pa za umembala: kudula munthu, kumuimitsa pa Mgonero, kumuchotsa pa udindo. Ilibe mphamvu yofufuza mlandu wa kugwiririra, ndipo ikayesa imangoononga umboni n'kupatsa wolakwa nthawi yoopseza banja. Choipitsitsa ndi chija timati kukambirana pachiweniweni: munthu apereka mbuzi kapena ndalama, alonjeza kulipira fizi mpaka Fomu 4, makolo osauka avomera, nkhani yatha. Mwana amaphunzira mtengo wake tsiku limenelo. Mpingo wa Katolika, utapsa kwambiri ndi nkhani zobisa, unafika poti mu 2019 Papa Francis alamule kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo otere, ndipo ansembe ndi asisitere akhale okakamizika kunena. Mpingo uliwonse, ngakhale wa anthu 50, ungathe kusankha anthu awiri, mmodzi akhale mayi, amene ana ndi makolo akuwadziwa kuti nkhani zotere zimapita kwa iwo. Asakhale abusa okha, chifukwa tsiku lina wonenezedwa angakhale abusawo kapena mlamu wawo.

Nanga akamunamizira? Zimachitika, ngakhale si kawirikawiri monga timaopera. N'chifukwa chake kumupumitsa munthu pa ntchito ya ana pamene apolisi akufufuza si chigamulo, ndipo kusalengezedwe pa guwa ngati chigamulo. Komanso mphunzitsi amene sanakhalepo yekha ndi mwana ali ndi mboni ya Lamlungu lililonse. Lamulo la awiriawiri limamutchinjiriza iyenso.

Nanga kukhululuka? Msungichuma akadya ndalama za chitukuko n'kulapa, timamukhululukira, amabwerera pa Mgonero, koma sindinaonepo mpingo umene unamubwezera buku la kubanki. Pa ndalama timaganiza bwinobwino. Pa ana timati, "Ndife yani ife kuti tiweruze?" Munthu amene anachita zotere angathe kulapa, angathe kupemphera nafe pansi pa maso a akulu, koma kwa ana asabwererenso mpaka kalekale, ndipo wolapa zenizeni sangapemphe kubwererako. Mwananso asakakamizidwe kugwirana chanza ndi womuzunza kutsogolo kwa mpingo kuti anthu aombe m'manja.

Chotsala ndi kalata ija. M'mipingo ya chipresibeteriya munthu akasamuka amanyamula kalata yonena kuti ndi mkhristu wa Mgonero, wopanda mlandu. Wochenjera amapempha kalatayo nkhani isanafike ku sesheni, ndipo akulu amasaina mofulumira, mitima ili m'malo kuti vuto lachoka pakhomo pawo. Ena safuna n'kalata yomwe; amangowolokera ku mpingo wina, kapena kuyambitsa utumiki wawo m'kalasi ya lendi.

Nditakhala wotsogolera aphunzitsi, kunabwera bambo wina waulemu wake, kalata ili bwinobwino, wofunitsitsa kuthandiza kwaya ya ana. Ndinapeza nambala ya mlembi wa mpingo umene anachokera. Titapatsana moni ndinafotokoza chimene ndaimbira. Kunali zii kwa kanthawi, mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina mayunitsi atha.

"Mwati mukufuna muwapatse ana?"

"Eya, bambo."

"Apatseni ntchito ina. Kaya yoyala mipando."

Ndinafunsa chimene chinachitika. Anati panali kamtsikana kena ka mu kwaya, koma zinatha kalekale, si bwino kufukula. Ndinafunsa ngati kupolisi anapitako.

"Ayi," anatero mlembiyo. "Tinakambirana ngati banja limodzi."